Giza ikamangopsa eleminti, musathamangire kugula ina

Chaka cha 2022 chija, namondwe wa Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale magetsi nkuyamba kuthimathima tsiku ndi tsiku, kunyumba kwathu kuno ku Blantyre tinagula maeleminti a giza, zitsulo zotenthetsa madzi m'thanki ya madzi osamba ija, atatu chaka chisanathe. Atatu! Ulendo uliwonse nkhani yake imodzimodzi, m'mawa ana akufuna kusamba azipita kusukulu, madzi ali zii, tikuimbira pulambala, akubwera, akukwera m'siling'i, akutsika ndi chitsulo chakuda nkunena kuti bwana eleminti yapsa, ndi magetsiwa. Ife nkukhulupirira, pajatu magetsi analidi osakhazikika. Koma zoona zake vuto silinali magetsi, ndipo zinandiwawa nditazindikira chifukwa ndalama zomwe zinapita pamenepo zikanalipira fizi ya temu yonse. Nde ndati ndilembe zomwe ndinaphunzira, mwina wina angapulumuke, makamaka inu amene muli ndi giza ya m'denga ndipo madzi kwanuko amasiyasiya.

Amene anatitsegula maso ndi pulambala wina, bambo wachikulire yemwe anatilozera neba wathu. Iwowa sanathamangire kukwera m'denga ayi, anayamba afunsa mafunso ali chikhalire pakhonde. Madzi akasiya mumatani? Giza mumaithimitsa? Madam nkuyankha kuti ayi sitithimitsa, komanso ife tili ndi mwayi, madzi akasiya mpope wathu wapanja uja umatulutsabe kwa kanthawi, mpaka anzathu amadzatunga, ndipo amakhala ofundirako. Bambo aja anangogwedeza mutu. "Mayi, madzi ofunda amenewo ndi a m'giza yanu. Mukamatunga panjapo mukuikhuthula, kenako magetsi akabwera eleminti ikuyaka pouma."

Atakwera anandiitana kuti ndidzaone ndekha ndi tochi. Paipi ya madzi ozizira inkangochoka pansi nkulowa m'giza molunjika, popanda chilichonse choletsa madzi kubwerera. Eleminti yomwe anatulutsa inali yotupa mbali imodzi, yong'aluka ngati chinangwa chootcha, pomwe kunsi kwake kunali kowala bwinobwino ngati yatsopano. Anati eleminti yofa ndi ukalamba siioneka chonchi, iyi yapsa chifukwa inalibe madzi.

Eleminti ya giza inapangidwa kuti izikhala yomira m'madzi nthawi zonse, madziwo ndi amene amailanda kutentha. Ikayaka pamphepo sitenga nthawi, mphindi zochepa chabe yatha. Nde taganizani mmene zimakhalira kwathu kuno: madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, amachita kukankhidwa ndi mapampu a magetsi kukwera mtunda wonsewo kudzera ku Chileka, choncho magetsi akavuta nawo madzi amavuta, makamaka kwa ife okhala kumtunda. Madzi asiya, aliyense m'nyumba akutsegula mpope uwu ndi uwo kusaka kadontho, wina watsegula wa madzi otentha nkuusiya, mpweya ukulowera pamenepo, madzi a m'giza akutsetserekera m'mbuyo kudzera paipi yozizira kupita ku mpope wotsikitsitsa. Magetsi akubwera 10 koloko usiku madzi asanabwere, nonse muli mtulo, switchi ya giza ili on. Basi mawa lake muimbira pulambala.

Mankhwala ake ndi awiri, ena ndi a pulambala ena ndi anu. A pulambala ndi akuti paipi yozizira isanalowe m'giza iziyamba yakwera kupitirira pamwamba pa giza, pafupifupi masentimita 30, ndipo pansonga pake pakhale kavalavu kamkuwa kotchedwa vacuum breaker, kenanso kotero kakhale pa paipi ya madzi otentha. Kameneka kamalowetsa mpweya madzi akayamba kukokera m'mbuyo, nde kukoka kuja kumaduka giza nkukhala yodzaza. Ena amaikanso non-return valve, yomwe imalola madzi kupita mbali imodzi yokha, koma imeneyi aiike munthu wodziwa chifukwa ikakhala malo olakwika imatsekereza madzi ofutukuka ndi kutentha kuti asapeze potulukira. Mankhwala anu ndi chizolowezi basi: madzi akasiya thimitsani giza pa DB, bokosi la maswitchi a magetsi a nyumba yonse lija, pompo, osadikira. Akabwera tsegulani mpope wa madzi otentha, muumva ukukhosomola kutulutsa mpweya, usiyeni mpaka madzi aziyenda mosadukiza kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako ndiye muyatse. Ife tinamata kapepala pa DB penipeni ndipo ngakhale mwana wamng'ono m'nyumba muno amadziwa. Chiikireni ma vacuum breaker aja sitinagulenso eleminti ina.

Madzi sakutentha, muyambire pati

Musanaimbire munthu pali zoti muone nokha zosafuna sipanala. Onani breaker ya giza pa DB ngati siinagwe. Onani ngati pali switchi ina ya giza, nyumba zambiri imakhala pakhonde la kubafa kapena m'denga pafupi ndi giza, ndipo alendo amaithimitsa poyesa ndi ya getsi. Ngati muli ndi timer kumbukirani kuti zambiri zozungulira zija magetsi akathima nazo zimaima, nde patatha sabata ya kuthimathima wotchi yake imakhala itasokonekeratu, ikuyatsa giza nthawi yomwe kulibe magetsi.

Zonsezi zikakhala bwino, mita yanu ya prepaid ikuuzani zambiri. Thimitsani cooker, ayironi, ketulo ndi zina zodya magetsi kwambiri, lembani mayunitsi omwe atsala, yatsani giza nkudikira ola limodzi. Giza ya malita 150 kawirikawiri imakhala ndi eleminti ya 3kW, kutanthauza kuti madzi akakhala ozizira iyenera kudya mayunitsi pafupifupi 3 pa ola. Ikadya otero eleminti ili moyo, vuto lili kwina, mwina madzi otentha akuthawira penapake kapena simukuipatsa nthawi yokwanira. Ikapanda kudya kanthu ndiye kuti magetsi sakudutsa, ndipo apa olakwa ndi atatu: eleminti, themositati (kachipangizo kodula magetsi madzi akatentha mokwanira), kapena waya wopserera polumikizira.

Za nthawizi ndinenepo pang'ono chifukwa anthu ambiri amainamizira giza. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika 60 pamafunika mayunitsi pafupifupi 7, nde ndi eleminti ya 3kW ndi maola awiri ndi mphindi 20 kapena kupitirirako. Ya 2kW ndi maola atatu ndi theka. Mwezi wa Juni kapena Julaye chiperoni chikagwa madzi amalowa ozizira kwambiri nthawi imawonjezekera. Nde ngati mumayatsa mphindi 40 zokha kuti musunge mayunitsi kenako anthu asanu nkusamba, wachitatu apeza ozizira ndithu, pamenepo palibe chofuna pulambala.

Giza ikapanda kudya mayunitsi ndi pomwe pulambala weniweni amaonekera. Afike ndi multimeter, choyezera magetsi. Athimitse pa DB, ayeze kaye kuti mawaya alibedi moto, achotse themositati, ayeze eleminti inu mukuona. Ya 3kW yamoyo imawerenga pafupifupi ma ohm 17 kapena 18, ya 2kW pafupifupi 26. Ikawerenga zimenezo ndipo siikudutsitsa magetsi ku chitsulo chake chakunja, musalole kuti aisinthe. Nthawi zambiri ndi themositati yokha, yomwe ndi yotsikirapo mtengo komanso imasinthidwa osakhuthula madzi m'giza chifukwa imalowa m'kathumba kake kouma. Zina zili ndi kabatani koti madzi akatentha mopitirira kamadula kokha, kungokadina giza nkuyambanso, koma funsani chomwe chinakadulitsa. Munthu amene akuti eleminti yapsa asanayeze chilichonse akungolota, ndipo malotowo mulipira ndinu.

Mukayatsa giza magetsi a nyumba yonse akuthima

Iyi ndi earth leakage, kachipangizo ka pa DB kodula magetsi akayamba kuthawira kwina, ikugwira ntchito yake. Eleminti ikang'aluka madzi amakhudza waya wa mkati, magetsi nkuyamba kuthawira m'madzi ndi m'mapaipi, nde kachipangizo kaja kamadula kakangomva ma milliamp 30. Pano ndikupempheni ndi mtima wonse, pali amisiri ena amati tingoichotsa giza pa earth leakage kuti isamavutitse, kapena kudula waya wa earth. Musalole. Mwana wanu amasamba wopanda nsapato pansi ponyowa atagwira mpope wachitsulo. Chimodzimodzi mukamva mpope kapena shawa ikugwira pang'ono, kaja kongonyerenyetsa m'zala, musazolowere kumatsegula ndi thaulo, thimitsani giza tsiku lomwelo nkuitana wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, adzaone earth ya nyumba yonse. Pulambala wabwino sachita manyazi kunena kuti apa ndi pa anzathu a magetsi. Ngati ikugwa ndi breaker ya giza yokha patapita mphindi zingapo, auzeni aone mawaya polumikizira, eleminti ya 3kW imakoka ma amp pafupifupi 13 kwa maola, nde sikuluwu ikakhala yosamanga bwino pamatentha mpaka pulasitiki kusungunuka, mumva kafungo kopserera mukakweza chitseko cha m'siling'i.

Pali chinanso chopha eleminti chomwe anzathu a m'maploti atsopano omwe anakumba mjigo wawo amachidziwa. Madzi a pansi ena ali ndi laimu wambiri, mumaonera m'ketulo mmene mumachitira zoyera zolimba. Zomwezo zimamatirira pa eleminti mpaka kuikuta yonse, kutentha kumakanika kutuluka, eleminti imadziotcha yokha. Giza yotere imalira ngati ketulo ikamatentha, nthawi zina kuthetheka. Akaitulutsa muona yakutidwa ndi zoyera ngati yaviikidwa mu ufa wonyowa nkuuma. Pamenepo tsitsani themositati ikhale pakati pa 55 ndi 60, chifukwa madzi akamatentha kwambiri laimu amagwanso kwambiri, komanso posintha eleminti pulambala apise dzanja achotse zonse zadikha pansi pa thanki, zimatha kudzaza ndowa yaing'ono. Osatsitsanso kwambiri kufika m'ma 40 pofuna kusunga mayunitsi, madzi ongofundira okhalitsa m'thanki ndi momwe mumaswana tizilombo totchedwa Legionella toyambitsa chibayo choopsa.

Kapaipi kapanja kakudontha

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaonongera ndalama pachabe, ena nkudziika pangozi. Madzi akatentha amafutukuka, malita 150 aja akafika madigiri 60 amawonjezekera ndi malita awiri ndi kanthu, ndipo amayenera kutulukira penapake. Nde kapaipi kochokera pa valavu ya pressure, yomwe imakhala pa paipi yozizira yolowa m'giza, kakamadontha pang'onopang'ono nthawi yomwe giza ikutentha, palibe chaonongeka, tcherani kachidebe muzithirira maluwa. Yesani usiku umodzi, mukapeza malita awiri kapena atatu gonani mtima uli m'malo. Koma kakamachucha usana ndi usiku ngakhale giza ili yothimitsa, ndowa kudzaza m'maola ochepa, valavu ija yalowa mchenga kapena labala wake watha. Zimachitika kwambiri madzi akabwera atasiya, oyambirira aja amakhala ofiira ndi dothi. Nthawi zina kungoitsuka basi yachira, nthawi zina ndi yosintha. Posintha aone nambala yolembedwa pa giza, zambiri ndi 400 kPa kapena 600 kPa, valavu isapose zomwe giza inalembedwa.

Pali paipi yachiwiri, yachitsulo, yochokera pa safety valve yomwe ili pa giza penipeni. Imeneyi siyenera kudontha masiku onse. Mukaona ikulavula madzi otentha kwambiri kapena nthunzi, kapena mpope wotentha ukutulutsa nthunzi ndi phokoso, themositati yakanirira ndipo madzi akuwira m'thanki. Thimitsani pa DB nthawi yomweyo, ana asayandikire. Ndipo aliyense amene anganene kuti tingotseka kapaipika ndi pulagi kasiye kudontha, mubwezeni pageti. Thanki yotsekedwa yomwe madzi akuwira mkati imaphulika mpaka kusasula denga.

Siling'i yanyowa ndiye uthenga woipa koma osati nthawi zonse. Tsekani madzi pa stop cock, potsekera madzi olowa m'nyumba paja, thimitsani giza, tsegulani mpope wotentha kuti mphamvu ya madzi itsike. Kenako wokwerayo aone bwino komwe akuchokera. Ngati ndi pa chivundikiro pomwe pamalowera eleminti, kawirikawiri ndi gasket, labala wozungulira uja, makamaka ngati wina anasintha eleminti nkubwezeretsa labala wakale. Ngati ndi polumikizira paipi, nkhani yaing'ono. Koma madzi akamatuluka m'kati mwa chikopa cha giza, m'mphepete mosokerera muja, ali ndi dzimbiri, thanki yabooka ndipo yatha. Kuwotcherera ndi kutaya ndalama, mkati mwake munakutidwa ndi utoto wonga galasi womwe umasweka ndi moto wa welding, miyezi ingapo idzabookanso pambali pake. Chomwe chimateteza thanki ku dzimbiri ndi ndodo ya magnesium yotchedwa anode yomwe imadyeka m'malo mwa thankiyo, ndipo ikatha dzimbiri limayamba kudya thanki. Ine ndinakhala zaka osadziwa kuti chinthu chimenechi chilipo, palibe mmodzi mwa mapulambala oyamba aja anachitchulapo. Bambo aja atachimasula chinali chitatsala ngati waya wa njinga. Muziti akakwera kukachita china chilichonse aionenso anode, olo pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ndipo pansi pa giza ya m'denga pakhale drip tray yokhala ndi paipi yake yotulukira panja, tsiku lobooka madzi adzapite pabwalo osati pa bedi.

Madzi otentha akutuluka ochepa pomwe ozizira ali ndi mphamvu, yambani ndi zophweka. Masulani mutu wa shawa ndi kasefa ka kukamwa kwa mpope, muviike mu viniga usiku, muona mchenga ndi laimu zomwe zituluke. Zikapanda kusintha mwina ndi kasefa kamene kali mu valavu ya pressure ija. Nyumba zakale za mapaipi a galvanised vuto limakhala dzimbiri lomwe latsekereza paipi mkati mpaka kutsala kabowo ngati ka bolopeni, pamenepo palibe kuchitira mwina koma kusintha mzere wonse, ambiri pano akuika PPR yobiriwira ija yolumikiza ndi makina otenthetsa. Onetsetsani kuti sakuikirani PVC wamba ku madzi otentha, imafewa nkumasuka m'majointi. Amene giza yanu imalandira madzi kuchokera pa thanki ya pamwamba, mpope wotentha ukangouma thanki itatha nkudzazanso, kawirikawiri ndi mpweya watsekereza m'paipi, pulambala amaukankha ndi madzi a mphamvu kudzera pa hosipaipi mphindi zochepa, musalole kuti akugulitseni zipangizo pa vuto limeneli.

Bilu ya madzi kapena mayunitsi zikangokwera popanda chifukwa, tsekani mipope yonse usiku, jambulani mita ya madzi ndi foni, m'mawa musanatsegule kanthu jambulaninso. Manambala akasuntha pali pomwe pakutayika. Kawirikawiri ndi thanki ya toilet yomwe ikungoyenderera mwakachetechete, thiranimo kautoto kothira m'zakudya muone ngati katsikire m'mbale osagejemula. Koma ngati mayunitsi nawo akuthamanga, ganizirani paipi ya madzi otentha yobooka m'khoma kapena pansi pa simenti, giza imangotenthetsa osapuma. Yendani opanda nsapato m'mawa, pomwe pali pofunda pansi kapena khoma lomwe penti ikufufuma ndi pamenepo. Kumbukiraninso kuti kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi udindo wanu, koma mita yeniyeniyo ndi paipi ya kumsewu ndi za a Water Board, pulambala asagwireko, ndipo wokuuzani kuti angathe kukulumikizirani mozembetsa mita akukuitanirani chindapusa ndi kudulidwa madzi.

Tsono pulambalayo mumpeza bwanji

Manambala olembedwa pa mitengo ndi pa zipupa za m'misewu alipo ambiri, ndipo sindikunena kuti onse ndi oipa, koma ine pano ndimayamba ndafunsa munthu amene anagwiriridwa ntchito miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, osati dzulo. Ntchito ya mapaipi imaoneka bwino tsiku loyamba, mayeso ake ndi nthawi. Funsani pa gulu la WhatsApp la m'dera lanu, kutchalitchi kapena kumzikiti, olo kwa ogulitsa mu hadiweya amene amaona amisiri tsiku ndi tsiku ndipo amadziwa amene amagula zenizeni. Kufunsa pepala si chipongwe, alipo ambiri anadutsa ku ma technical college pansi pa TEVETA, ena ali ndi trade test, Grade 1 ndiye yapamwamba. Alipo enanso anaphunzirira pamanja ndipo ndi akatswiri, nde pepala lokha lisakumalizireni nkhani. Funsani kuti giza munaikapo zingati, vacuum breaker imakhala pati, anode munasinthapo? Wodziwa amayankha mosavuta mpaka kukujambulirani pansi ndi kamtengo. Wongodziwa kusintha mawashala a mpope ndi kutsegula masinki otsekeka amayamba kuzungulira, ameneyo mpatseni za masinki zomwezo, kudenga asakwere.

Pa ndalama gwirizanani asanamasule chilichonse, chifukwa giza ikakhala yokhuthula zipangizo zili mbwee pansi mulibenso mphamvu yonenerera. Leba payokha, zipangizo pazokha, zilembedwe olo pa meseji. Mitengo ya zinthu zochokera kunja siikhazikika, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nde koteshoni ya mwezi watha musaidalire, imbani m'mahadiweya awiri atatu tsiku lomwelo. Ine ndimakonda kupita naye limodzi kogula, iye asankhe ine ndilipire nditenge lisiti. Mukamtuma yekha ndi ndalama m'manja mumamuika pa mayesero ogula yotchipa kuti atsaleko ndi kenakake, ndipo maeleminti achinyengo alipo, opepuka m'manja, zolemba zake zofufutika. Tengani yakale ija popita kuti mufananize kukula ndi mazinga ake, jambulaninso kachitsulo kolembedwa pa giza komwe pali dzina, malita ndi kW. Zambiri zomwe zili m'nyumba zathu ndi zochokera ku South Africa monga Kwikot, zipangizo zake zimapezeka, palibe chifukwa chokakamizira eleminti ya mtundu wina ndi tepi yambirimbiri. Ngati giza ndi yatsopano yang'anani kaye pepala la waranti musanalole aliyense kuitsegula, ndipo dziwani kuti opanga amakana waranti ikakhala kuti inaikidwa popanda mavalavu oyenera.

Ya transport mpatseni, munthu wachoka kutali ndi chikwama cha zitsulo pa minibasi kapena pa kabaza, komanso kuyeza kokha ndi ntchito yoyenera kulipidwa ngakhale atapeza kuti vuto ndi switchi. Koma leba yonse musaperekeretu. Malizani kulipira madzi atatentha, mwakwera kapena mwatuma wina kukagwira majointi ndi tishu youma, ndipo mwagwirizana kuti pakadontha mkati mwa mwezi abwera osalipiritsanso. Kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kuli ndi ubwino woti umboni umatsala. Zakale zonse zomwe wachotsa azisiye, ndi zanu, ndipo ndi zomwe mungaonetse mmisiri wina zikavutanso. Ndipo wina akhalepo pakhomo nthawi ya ntchito, osati chifukwa choganizira munthu zoipa ayi, koma kuti muone ndi maso anu chomwe chasinthidwa, mufunse, mudziwe pomwe pali stop cock yanu. Mudzadabwa kuti nyumba zambiri anthu sadziwa potsekera madzi mpaka tsiku lomwe siling'i ikugwa.

A lendi, musaitane pulambala pa giza musanauze landilodi, muuzeni pa meseji ndi zithunzi, mugwirizane ngati mulipire nkudula pa lendi. Kupanda kutero mudzakangana potuluka, iye adzati munaononga ndinu. Ndipo mukamalowa kumene m'nyumba pemphani kuti wina akwere aone ngati drip tray ndi ma vacuum breaker zilipo, zikapanda kukhalapo nenani poyambirira pomwepo zilembedwe.

Bambo aja tsiku lomwe anamaliza ntchito anakana kulandira ndalama yotsala. Anati madzi kulibe lero nde sitingayese, ndibwera akabwera. Anabweradi Loweruka m'mawa, anatsegula mpope wa kubafa mpaka mpweya kutha, anayatsa giza, tinakhala pakhonde kumwa tiyi ola lathunthu iwo akuyang'ana mita, mayunitsi atatu atapita anakweranso ndi tochi kukagwira jointi iliyonse. Kenako anatseka madzi pa mita dala, nkutuma mwana kuti akatsegule mpope wapanja uja. Unatulutsa ochepa a m'paipi, ozizira, nkuuma. Madam anadandaula pang'ono kuti mwayi wathu wa madzi watha, nde Lolemba lake tinakagula zigubu zinayi za malita 20 zomwe pano timasungira madzi kuseri kwa khitchini.